Ndalama za Salmon Zisatseke Maso Akaputeni a pa Nyanja ya Michigan

Mu Ogasiti 2021, mnyamata wina amene anakwera boti la hayala pa doko la Ludington, ku America, anavuula nsomba ya mtundu wa chinook salmon yolemera makilogalamu pafupifupi 22. M'chigawo chonse cha Michigan munali musanagwidwepo ina yaikulu chotero, ndipo mbiri imene anaigwetsayo inali itakhala chiyambire 1978. Nsomba zotere ndi zimene zimadzutsa anthu mbandakucha, n'kuyenda mitunda italiitali kuchokera ku Chicago, Detroit ndi Milwaukee, kukalipira mazana angapo a madola kuti akhale pamadzi maola 5 kapena 6 okha.

Bizinesi yake imayenda motere. Kaputeni amakhala ndi boti lake, ndodo zowedzera, nyambo ndi makina oonetsa pamene pali nsomba pansi pa madzi. Mlendo amangobwera ndi chiphaso chowedzera, kamba wake ndi ndalama. Akaputeni ambiri ali ndi laisensi ya US Coast Guard yowalola kunyamula anthu osapitirira 6. Boti siliima malo amodzi. Limayenda pang'onopang'ono, makilomita 3 mpaka 5 pa ola, likukoka nyambo zachitsulo zonyezimira. Salmon imakonda madzi ozizira, a madigiri 10 mpaka 12, choncho nyengo yotentha ikafika imatsikira pansi, ndipo kaputeni amatsitsa nyambo mamita 20 kapena 30 pogwiritsa ntchito chitsulo cholemera chomangidwa ku waya, pa chipangizo chimene amachitcha downrigger. Nsomba ikadya, chingwe chimamasuka ku chitsulocho, ndodo imene inali yopindika imadzuka, kaputeni n'kuipereka m'manja mwa mlendo. Akabwerera ku doko amamutumbulira nsombazo n'kumuikira m'matumba. Ku Ludington, Manistee ndi Frankfort, komanso tsidya lina ku Sheboygan, Kewaunee ndi Algoma m'chigawo cha Wisconsin, malo ogona alendo, malesitilanti ndi ogulitsa mafuta amadyera pomwepo.

Ndi ntchito yabwino, ndipo anthu amene amaigwira amaidziwa nyanja yawo. Koma akaputeniwa akamakakamiza boma kuti lithire mbewu yambiri ya salmon chaka ndi chaka, akulakwitsa, ndipo umboni wa kulakwitsako uli pa nyanja yoyandikana nawo.

Choyamba chofunika kudziwa n'chakuti salmon si ya kumeneko. Kwawo ndi ku nyanja yamchere ya Pacific. Mfumu ya Nyanja ya Michigan kuyambira kale inali lake trout, nsomba ya madzi akuya yokhala ndi moyo zaka makumi angapo. Imeneyi inatha chifukwa cha maukonde ochuluka komanso chifukwa cha ngalande. Ngalande ya Welland, yomwe inakumbidwa kuti sitima zizilambalala mathithi a Niagara, inatsegulira njira sea lamprey, nsomba yaitali yopanda nsagwada imene imamatirira pathupi pa inzake n'kumaiyamwa magazi. Lamprey imodzi yokha ikhoza kupha nsomba zolemera makilogalamu 18 pa moyo wake. Inaoneka mu Nyanja ya Michigan mu 1936, ndipo pofika m'ma 1950 lake trout inali itazimiririka.

Yodya zinzake itachoka, kansomba kena kochokeranso ku nyanja yamchere, alewife, kanapeza mpata. Kwa salmon, alewife ali ngati usipa kwa ncheni: ndiye chakudya chake cha tsiku ndi tsiku. Koma nthawi imeneyo kunalibe wokadya. Kanaswana mpaka kudzaza nyanja, ndipo kakafa kamafa kochuluka. Mu 1967 mitembo yake inaunjikana m'magombe, ku Chicago anachita kubweretsa makatapila kudzaikwirira, alendo n'kuthawa fungo.

Pamenepa ndi pamene panatulukira Howard Tanner, yemwe anayamba kutsogolera nthambi ya za nsomba ku Michigan mu 1964. Iye anaona alewife ngati chakudya chongowonongeka. Anapempha mazira a coho salmon ku chigawo cha Oregon, ndipo mu Epulo 1966 tiana toyamba tinathiridwa mu mtsinje wa Platte. Chaka chotsatira boma linawonjezera chinook, yomwe imakula kwambiri. Zotsatira zake zinadabwitsa ngakhale eni ganizolo. Kumapeto kwa 1967 anthu zikwizikwi anakhamukira ku Platte Bay ndi timaboti ta pamtsinje, ambiri osadziwa ukali wa nyanja yaikulu, ndipo pa 23 Seputembala namondwe anapha owedza 7. Tsokalo linaonetsa kufunika kwa munthu wodziwa madzi, wa boti lolimba, woti azitsogolera alendo. Maboti a hayala anachuluka m'zaka zotsatira.

Tanner sayenera kunyozedwa. Anapeza nyanja yowonongeka kale, yodzaza ndi kansomba kachilendo, n'kuipezera mankhwala. Alewife anachepa, magombe anayera, matauni amene anali kufa anadzuka. Kwa zaka zambiri bungwe la Great Lakes Fishery Commission, lomwe America ndi Canada anakhazikitsa mu 1955, linkanena kuti usodzi wa pa nyanja zazikulu zisanu za m'derali, kuphatikizapo ya Michigan, umabweretsa madola oposa 7 biliyoni pa chaka, ndipo gawo lalikulu ndi la owedza mongosangalala.

Komabe chisangalalo chimenechi chinali ndi ochilipirira. Boma la Michigan linasankha kuti nyanja ikhale ya mbedza, osati ya ukonde. Linachepetsa malaisensi a asodzi ogulitsa nsomba n'kuletsa matchera m'malo ambiri, ndipo mabanja amene anakhala akusodza kwa mibadwo anasiya ntchito. Eni nthaka a mitundu ya Ottawa ndi Chippewa anakana kugonja. Anakumbutsa boma za pangano la 1836, limene makolo awo anapereka nalo dziko koma osataya ufulu wosodza, ndipo mu 1979 woweruza Noel Fox anagamula kuti ufuluwo udakalipo. Kuchokera pamenepo nyanja imagawidwa potsatira mgwirizano wovomerezedwa ndi khoti, wa 1985, wa 2000, ndi wina wa 2023. Mlendo amene akujambulitsa atanyamula chinook pa doko la Manistee kawirikawiri sadziwa kuti madzi amene anali kuwedzamowo anachita kulimbirana m'khoti.

Vuto lalikulu lili pansi pa madzi. Chinook ndi nsomba yosusuka koma yosankha: imadya alewife, zina zonse siizilabadira kwenikweni. Imakula msanga, n'kufa ikangoikira mazira, ili ndi zaka 3 kapena 4. Chakudya chikachepa imafooka. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 matenda a impso anapha chinook zambirimbiri mu Nyanja ya Michigan, ndipo akatswiri anaona kuti nsombazo zinali zitachuluka kuposa chakudya chake. Limeneli linali chenjezo loyamba.

Lachiwiri linali loopsa. Mu 1988 tinkhono totchedwa zebra mussel tinapezeka mu Nyanja ya St. Clair, titabwera m'madzi amene sitima zochokera ku Ulaya zimanyamula m'mimba mwake kuti zisapendekeke. Tina tofanana nato, quagga mussel, tinatsatira. Tinkhonoti timasefa madzi usana ndi usiku, kudya tizomera tosaoneka ndi maso timene ndi maziko a chakudya cha nsomba zonse. Madzi anayera mbee, alendo n'kumayamikira kukongola kwake, pamene kuyerako kunali chizindikiro cha njala. Mu Nyanja ya Huron, yomwe ndi yolumikizana ndi ya Michigan, alewife anapanikizidwa mbali ziwiri: pansi tinkhono tikumulanda chakudya, pamwamba salmon ikumudya. Cha mu 2003 ndi 2004 anangoti zii. Chinook nayo inatsatira. M'matauni a m'mphepete mwa Huron akaputeni ambiri anagulitsa maboti, ena anasamukira ku Nyanja ya Michigan.

Chodabwitsa n'chakuti oyang'anira nsomba sankadziwa kuchuluka kwenikweni kwa salmon imene inali m'madzimo. Ankawerenga zimene athira, osadziwa kuti zambiri zikuswana zokha m'mitsinje. Masiku ano tiana tochokera m'malo oswetsera timadulidwa kachipsepse ka pamsana tisanathiridwe, ndipo tambiri timaikidwa kawaya kokhala ndi nambala m'mphuno. Njira imeneyi inaulula kuti chinook zoposa theka za mu Nyanja ya Michigan ndi zobadwira m'mitsinje. Tanthauzo lake n'lakuti boma likhoza kuchepetsa zimene likuthira, koma silingalamulire pakamwa paliponse pamene pakudya alewife.

Mu 2013 zigawo zinayi zozungulira nyanjayi, Michigan, Wisconsin, Illinois ndi Indiana, zinachita chinthu chanzeru: zinadula ndi theka chinook zothiridwa, kuchoka pa 3.3 miliyoni kufika pa 1.7 miliyoni pa chaka. Pamene mu 2016 panabwera ganizo lodulanso kwambiri, akaputeni, makamaka a ku Wisconsin, anakwiya. Dandaulo lawo linali lomveka. Mlendo salipira madola ake kuti agwire lake trout, yomwe nayonso inkathiridwa m'nyanjamo ndipo ambiri amati siilimbana kwambiri pa mbedza. Amafuna chinook imene imathawa ndi chingwe mpaka mkono kuwawa. Anafunsa chifukwa chodulira nsomba yobweretsa ndalama n'kusiya ina imene nayonso imadya alewife yemweyo. Mapeto ake, lake trout zothiridwa nazonso zinachepetsedwa.

Munthu wokhala ndi ngongole ya boti, amene nyengo yake yopezera ndalama ndi miyezi yochepa chabe pa chaka, sangadzudzulidwe chifukwa choopa. Koma kuopa kwakeko kukumupangitsa kumenyana ndi nsomba imene ingadzamupulumutse. Lake trout sisankha chakudya. Imadya round goby, kansomba kena kachilendo ka pansi pa nyanja kamene kamadya tinkhono tija, ndipo mwa njira imeneyi chakudya chimene tinkhono tinalanda chimabwereranso ku nsomba zazikulu. Chinook sichita zimenezi. Palinso china: m'thupi mwa alewife muli michere yowononga vitamini B1, ndipo lake trout yodya alewife wambiri imaikira mazira amene tiana take timafa titangoswa. Alewife atatha mu Huron, lake trout inayambanso kuswana yokha, ndipo nsomba ina, walleye, inadzaza Saginaw Bay, mbali ina ya nyanjayo. Akaputeni amene anapirira kumeneko anaphunzira kuwedzetsa alendo nsomba zimenezi. Bizinesi inachepa, koma nsomba zake n'zobadwira m'nyanjamo, zosadikira lole yochokera ku malo oswetsera.

Nkhaniyi ikukhudza owerenga a kuno ku Malawi pa mfundo imodzi. Nthawi ndi nthawi pamamveka maganizo akuti nyanja ikachepa nsomba, yankho ndi kuthiramo mtundu wina wokula msanga. Amene angatchule Michigan ngati chitsanzo akumbukire kuti kumeneko anathira salmon m'nyanja imene inali itafa kale. Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yambiri kuposa nyanja ina iliyonse padziko, mbuna zake ndi zimene zinachititsa kuti malo otetezedwa a ku Cape Maclear alowe m'kaundula wa UNESCO mu 1984, ndipo zimene Nile perch inachita ku Nyanja ya Victoria itathiridwa m'ma 1950 zimadziwika: mitundu pafupifupi 200 ya nsomba inatha. Trout ya m'mitsinje yozizira ya ku Zomba ndi ku Nyika, imene inabwera m'nthawi ya atsamunda, ikhale konko kumapiri. Ngati pangakhale ofuna kuwedzetsa alendo, mpasa ilipo, yokwera mtsinje wa Bua kukaswana, ndipo chimene ikusowa ndi mitsinje yopanda matope ndi yosatsekedwa ndi maukonde. Chofunika kutengera ku Michigan ndi kuwerenga. Kumeneko lamulo limakakamiza kaputeni aliyense kupereka lipoti la nsomba zimene alendo ake agwira, mlendo saloledwa kupitirira salmon ndi trout 5 pa tsiku, ndipo kuyambira 1973 akatswiri a boma amakoka ukonde pansi pa nyanja chaka chilichonse kuti aone kuchuluka kwa nsomba zing'onozing'ono.

Kuwerenga kumeneku ndi kumene akaputeni ayenera kukuteteza kuposa china chilichonse, ngakhale pamene manambala sakuwakomera. Oyang'anira nyanjayi tsopano amayerekeza kulemera kwa chinook zonse ndi kulemera kwa alewife yense, kuti aone ngati odya achuluka kuposa chakudya. Manambala atakhalako bwino, Michigan inakweza chinook zothiridwa mu 2023 kuchoka pa 650,000 kufika pa 1 miliyoni, ndipo akaputeni anaombera m'manja. Anali ndi ufulu wosangalala, chifukwa kudziletsa kwa 2013 ndi kumene kunabala mpata umenewu, monganso kunathandizira kuti chinook zotsalazo zikule. Koma tinkhono tidakali pansi pa nyanjayi, ndipo palibe amene wapeza njira yotichotsera. Chaka chimene ukonde wa akatswiri udzatuluke wopepuka, amene anavomera sikelo itawakomera adzafunika kuivomeranso ikadzalamula kuti mbewu ichepe, ndipo mabungwe a akaputeni ku Ludington ndi ku Sheboygan ndiwo ayenera kudzakhala oyamba kupempha zimenezo pa misonkhano ya boma.