Ziwerengero za HIV zimafunika kuziwerenga mosamala

Maunduna ndi makhonsolo akamakonza mapulani a zaumoyo, chiwerengero cha anthu omwe ali ndi kachilombo ka HIV chimatsogolera kagawidwe ka ndalama, mankhwala ndi ogwira ntchito. Koma mbiri ya kafukufuku m'dziko muno ikuonetsa kuti chiwerengero chotere chimakhala choyerekeza, ndipo mkulu wa boma yemwe sakudziwa malire ake akhoza kutumiza chuma cha boma kolakwika.

M'zaka za 2015 ndi 2016, dziko lino linali ndi ntchito ziwiri za kafukufuku. Kafukufuku wa Malawi Demographic and Health Survey, yemwe amachitidwa ndi nthambi ya National Statistical Office ya ku Zomba, anapeza kuti 8.8 peresenti ya anthu anali ndi kachilomboka. Wa MPHIA, yemwe Unduna wa Zaumoyo unachita mothandizana ndi bungwe la ICAP, anapeza 10.6 peresenti.

Kusiyanaku sikukutanthauza kuti wina ananama. Woyambayo anayeza anthu a zaka 15 mpaka 49, pomwe 10.6 peresenti ya wachiwiriyo ndi ya anthu a zaka 15 mpaka 64. Komanso aliyense anasankha nyumba zakezake zoti afikeko.

Kafukufuku sayeza munthu aliyense. Amatenga kagulu kochepa koimira dziko lonse, monga momwe wophika amalawira msuzi pang'ono kuti adziwe ngati mchere wakwana. Kagulu kena kakasankhidwa, zotsatira zimasiyanako. N'chifukwa chake akatswiri amapereka malire awiri, apansi ndi apamwamba, omwe choonadi chimayembekezeka kupezeka pakati pake.

Mwachitsanzo, ngati anthu 400 osankhidwa mwamaere ayezedwa m'boma lina ndipo 40 apezeka ndi kachilombo, chiwerengero ndi 10 peresenti, koma choonadi chikhoza kukhala paliponse pakati pa 7 ndi 13 peresenti. Kuti mpata umenewu uchepe ndi theka, pafunika kuyeza anthu 1,600. Choncho boma lomwe lapezeka ndi 9 peresenti silinganenedwe msanga kuti likuchita bwino kuposa lomwe lili ndi 11 peresenti.

Vuto lina, lomwe silitha ngakhale oyezedwa atachuluka, ndi la anthu omwe kafukufuku sawafikira. Kafukufuku wa m'makomo asanayambe kuyeza magazi, boma linkadalira zotsatira za amayi oyembekezera omwe ankapita kusikelo m'zipatala zingapo zosankhidwa. Njirayi inkasiya abambo ndi amayi ena onse kunja.

Mu 2004, pomwe kafukufuku wa m'makomo anayeza magazi koyamba, anapeza pafupifupi 12 peresenti. Komabe, mwa anthu omwe anayenera kuyezedwa, amayi 70 ndi abambo 63 okha mwa 100 aliwonse ndiwo anayezedwa. M'boma la Lilongwe oyezedwa sanafike theka, ndipo chiwerengero cha bomalo chinatuluka chotsika kwambiri moti akatswiri anachikayikira. Ngati omwe akukana kuyezedwa ndi omwe akudziwa kale kuti ali ndi kachilombo, zotsatira zimaonetsa vuto laling'ono kusiyana ndi momwe lilili.

Izi si za ku Malawi kokha. Mu 2007 bungwe la UNAIDS linatsitsa chiwerengero cha anthu omwe ali ndi HIV padziko lonse kuchoka pa 39.5 miliyoni kufika pa 33.2 miliyoni. Chifukwa chachikulu sichinali kuchepa kwa matenda koma kusintha kwa kawerengedwe, makamaka ku India komwe chiwerengero chinachoka pa 5.7 miliyoni kufika pa 2.5 miliyoni.

Masiku ano palinso china choyenera kukumbukira. Chiyambireni kugawa mankhwala a ma ARV mwaulere mu 2004, anthu omwe ali ndi kachilombo akukhala moyo wautali. Chiwerengero chikhoza kusatsika msanga pomwe ntchito ikuyenda bwino, ndipo chikhoza kutsika chifukwa choti anthu akumwalira.

Motero ma DC, akuluakulu a zaumoyo m'maboma ndi okonza mapulani akalandira lipoti, akuyenera kufunsa kuti anayezedwa ndani, anali angati, anakana ndi angati, ndiponso malire a chiwerengerocho ndi otani. Mayankho a mafunso amenewa ndiwo ayenera kutsogola bajeti isanasinthidwe.