Musamuuze kuti "kana basi" mwana amene wagona ndi njala

Abale ndi alongo, lero tiyankhula mosapsatira mawu. Pali uthenga wina womwe taumva mpaka makutu kuwawa. Umamveka pa asembule kusukulu, kutchalitchi, kumzikiti, pa wailesi, ngakhale kumisonkhano ya mabungwe ija imathera pa Fanta ndi bisiketi: "Atsikana, pewani anzanu oipa. Musamatengeke. Umphawi si chifukwa. Limbikirani sukulu basi." Anthu nkuwomba m'manja. Wolankhula uja nkukwera galimoto yake kubwerera ku Namiwawa kapena ku Nyambadwe. Mtsikana uja nkutsetsereka wapansi kubwerera ku Chemusa, kunyumba komwe mbaula sinayake chiyambire dzulo.

Ife amene takulira ku Chemusa ndi ku Mbayani kuno tikuti uthenga umenewu ndi theka chabe la choonadi, ndipo theka limene mumalisiyalo ndi limene likutithera ana.

Tiyeni tione mmene zimayambira, poti ambiri olangizawa sadziwa. Palibe mtsikana wa Fomu 2 amadzuka m'mawa nkunena kuti lero ndikufuna chidyamakanda. Ayi. Zimayamba ndi sopo. Zimayamba ndi mapadi, pamene wakhala masiku anayi osapita kusukulu poopa kuthimbiriza yunifolomu anyamata nkumuseka. Zimayamba ndi nsapato yong'ambika, ndalama ya minibasi, ya patitaimu, ya mafuta odzola. Zimayamba ndi alandilodi amene aima pakhomo mwezi wachitatu uno akuti achotsa chitseko. Ndiye pali mnzake wa m'kalasi amene zonsezi sizimuvuta: ali ndi foni, tsitsi lomanga bwino, pa buleki amagula chiwaya. Tsiku lina mnzakeyo nkumuuza kuti, "Iwe usamazizire choncho, pali ankolo ena ake amakufunsa. Ndiwapatse nambala?"

Apa ndiye mumati kutengera anzawo. Chabwino. Koma tatsatani chingwecho mpaka kumapeto, muone amene wachigwira. Si mwana wa Fomu 2. Ndi bambo wa zaka 45, wa mphete pachala, amene mwana wake wamkazi wa msinkhu womwewo ali kusukulu yogonera konko, wotetezedwa bwinobwino. Mnzake uja ndi mthenga chabe, nayenso anagwidwa ndi msampha womwewo chaka chatha, ndipo pa nambala iliyonse amene apereke amalandira kangachepe pa Mpamba. Koma mimba ikaoneka, m'dera monse nkhani imakhala ya ana awiriwa. "Anali wosamva." "Anamuwononga ndi mnzake uja." Dzina la bamboyo silitchulidwa nkomwe. Lamlungu ali kutsogolo, akutolera chopereka.

Ena ati tikungokamba zamumtima. Ndiye imvani za umboni, ndipo si wakunja ayi, ndi wa pa Zomba pompa. M'zaka za 2008 ndi 2009, akatswiri anachita kafukufuku pakati pa atsikana osakwatiwa a zaka 13 mpaka 22 m'boma limeneli. Ena ankalandira kandalama kochepa mwezi ndi mwezi, iwo ndi makolo awo, ena ayi. Sanawalalikire, sanawaopseze. Patapita miyezi 18, mwa atsikana apasukulu amene ankalandira ndalama, pafupifupi 12 pa 1,000 aliwonse ndi amene anapezeka ndi HIV. Mwa amene sankalandira, anali 30 pa 1,000. Olandirawo ankachepetsanso zibwenzi ndi amuna akuluakulu. Zotsatirazi zinatuluka m'magazini ya zaumoyo ya The Lancet mu 2012, ndipo dziko lonse lapansi linazikamba. Anzawo a atsikanawa sanasinthe. Makhalidwe sanagwe kumwamba. Chinasintha ndi chimodzi: mtsikana anali ndi yakeyake yogulira sopo, ndiye mawu oti "ayi" anatsika mtengo. Ndipo akatswiri omwewo atabwererako ndalama zija zitasiya, anapeza kuti phindu lambiri linali litazilala. Tanthauzo lake nlomveka: bola njala ilipo, msampha uliponso.

Mukufuna umboni wina? Kumbukirani 2020. Sukulu zitatsekedwa mu Malichi chifukwa cha Covid-19, kauniuni wa boma anapeza atsikana pafupifupi 40,000 atatenga mimba ndi maukwati a ana pafupifupi 13,000 m'miyezi yowerengeka. Ndiye mwati chani, ana onsewa anapeza anzawo oipa tsiku limodzi? Chinachitika nchoti geni inaima, ganyu anasowa, phala lakusukulu linatha, ana anakhala pakhomo ndi njala komanso ndi akuluakulu opanda chisoni. Ngakhale mliri usanabwere, kafukufuku wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 anaonetsa kuti atsikana 29 pa 100 aliwonse a zaka 15 mpaka 19 anali atabereka kale kapena ali oyembekezera, ndipo amayi 42 pa 100 a zaka 20 mpaka 24 anakwatiwa asanakwane zaka 18. Chiwerengero chotere si nkhani ya mwana wosamva wa pa nyumba yakuti. Ndi nkhani ya dziko.

Kuchokera apo zinthu zangoipiraipira. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, nkugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Pakati pakepo, mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy anakokolola nyumba ku Chilobwe, ku Manja, ku Ndirande ndi madera ena, nkupha anthu oposa 1,000 m'dziko muno. Mayi wogulitsa tomato kapena mandasi m'mbali mwa msewu wa ku Chirimba uja mpamba wake unasungunuka m'manja akuona. Mitengo ya ufa, makala ndi lendi yakwera, koma ulaliki wopita kwa mwana wake ndi womwe uja wa kale: kana basi.

Tikudziwa yankho lomwe likubwera. "Nanga bwanji ena anakula osauka koma sanachite zimenezo? Inuyo simunafike ku yunivesite?" Eya, ena mwa ife tinafika. Koma musatisandutse chikwapu chokwapulira ana a anzathu. Funsani aliyense wa ife mmene anawolokera, mupeza kuti panali dzanja la munthu: azakhali amene ankatumiza ya mayeso, aphunzitsi amene anatilowetsa patitaimu ulere, bungwe lomwe linalipira fizi, mayi amene ankadzuka 3 koloko m'bandakucha kukazinga zitumbuwa. Panalinso anzathu anzeru kutiposa, olimba mtima kutiposa, amene dzanja limenelo silinawafikire. Lero ena ali ndi ana atatu, ena tinawaika m'manda. Sanali oipa. Anali okha. Akuluakulu anati kali kokha nkanyama, ali awiri ndi anthu.

Tsopano kwa inu makolo, ndipo tikunena mwaulemu poti tikudziwa mmene mukuvutikira. Chikakamizo cholemera kuposa cha anzake chimachokera m'nyumba momwemo. Mwana wa zaka 16 walowa ndi paketi ya shuga, botolo la mafuta ophikira ndi nkhuku, inu osafunsa kuti zachokera kuti. Mawa lake mawu nkutuluka: "Anzako akudyetsa makolo awo, iwe ungokhala ngati mlendo." Mwanayo wamva, ndipo wamvetsa bwino lomwe zimene mukutanthauza. Mimba ikabwera, ndinu nomwe oyamba kumuponyera zovala panja kuti watichititsa manyazi. Amayi, abambo, shuga ameneyo ndi wodula kuposa wa m'golosale iliyonse mu Blantyre muno. Mukumulipira ndi moyo wa mwana wanu.

Kwa inu abambo a magalimoto a magalasi akuda, amene mumaima chapatali ndi geti ya sukulu nthawi yoweruka, tikukuonani. Chiyambire 2017, malamulo aakulu a dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Lamulo la maukwati la 2015 limaletsa kukwatira kapena kukwatitsa mwana wosafika msinkhu umenewu. Lamulo loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi la 2013 limati kuumiriza munthu zogonana ndi mlandu, kaya mwabisala kuseli kwa ntchito, malikisi kapena malo ogulitsira pamsika. Choncho musamati mukuthandiza mwana wosauka. Wothandiza amakalipira fizi ku ofesi ya ahedi masana dzuwa likuswa mtengo, akazi ake akudziwa, nkulandira lisiti. Saitanira mwana kuloji. Inkosi Kachindamoto ya ku Dedza inatchuka dziko lonse lapansi pothetsa maukwati a ana ambirimbiri, ndipo taonani kumene inaloza chala: kwa makolo, kwa amuna, ndi kwa mafumu ovomereza zimenezi, mpaka ena kuwaimitsa pa udindo. Ana inawabwezera kusukulu. Ife m'tauni muno tikuchita zosemphana: mwana timunyoza, wamkulu timupatsa mpando.

Sitikukana kuti kutengera anzako kulipo. Kulipo, ndipo masiku ano kwalowa m'foni. Pa status ya WhatsApp, pa Facebook ndi pa TikTok aliyense akudya bwino, aliyense ali kunyanja, aliyense watchena. Palibe amajambula katapila amene wamukola pakhosi, kapena mbama yomwe analandira usiku wa chithunzicho. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Mu 2024 wailesi ya BBC inaulula za amayi a ku Malawi amene anakopedwa kuti akagwire ntchito zabwino kunja, nkukathera ku Oman, atalandidwa mapasipoti, akugwira ntchito ngati akapolo, ena kugwiriridwa. Oposa 50 anabwerera atathandizidwa. Ambiri ulendo wotere umayamba ndi mawu a munthu wodziwana naye: "Pali mwayi, tiye." Alongo athu nawo sanapulumuke. Mnyamata wagwira ganyu tsiku lonse pa Chirimba, anzake nkumuuza kuti aiponye pa kandege ichuluke, madzulo alibe ngakhale ya bonya, nkukathera ku kachasu. Njala yomweyo, msampha wina.

Ndiye kwa inu ang'ono athu, atsikana a ku Chemusa, Mbayani, Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi Machinjiri, sitikuti gonjerani poti ndinu osauka. Ayi ndithu. Tikuti kukana kuli ndi mtengo wake, ndipo mtengowo musausenze nokha. Mphamvu yomweyo ya anzanu imene imakokera kuphompho ikhoza kukokeranso kumtunda. Pezanani atatu, anayi, asanu. Werengerani limodzi. Wina akasowa mapadi, winayo amupatse popanda kulengeza. Wina akajomba masiku awiri, pitani mukamuone. Pangani pangano loti nambala ya mnzanu simuipereka kwa munthu wamkulu aliyense, zivute zitani. Mphatso imene simungathe kuitchula pamaso pa mayi anu, dziwani kuti ndi ngongole, ndipo mwini wake adzabwera kudzatolera. Wina akakuuzani za ntchito yakunja koma kalata ya mgwirizano palibe, dzina la kampani silikumveka, thawani.

Ngati zachitika kale, moyo sunathe. Wogwiriridwa athamangire kuchipatala maola 72 asanathe kuti akalandire mankhwala oteteza ku HIV. Ku Queens kuli malo a Chikwanekwane komwe achipatala, apolisi ndi a zachisamaliro cha anthu amathandizira pamodzi. Kupolisi kuli ofesi ya Victim Support. Nambala za 116 ndi 5600 ndi zaulere. Ndipo chiyambire 1993 dziko lino lili ndi ndondomeko yolola mtsikana amene wabereka kubwerera kusukulu. Aliyense wokuuzani kuti malo anu anatha, akunama. Amene sukulu yakanika, maphunziro a ntchito zamanja a TEVETA alipo, ndipo kuwotcherera, zamagetsi ndi zomangamanga sizinalembedwe kuti nza amuna okha.

Pomaliza, kwa akhansala, aphungu, mafumu a m'mabuloko ndi mabungwe amene mumabwera kudzajambula zithunzi m'dera lathu lino, zofuna zathu si zachilendo. Ndalama zothandizira ana osowa fizi, kuphatikizapo za CDF, mayina a olandira azimatidwa poyera kuti tione ngati zikufikadi kwa ana amasiye kapena kwa ana a anzanu achipani. Mtukula Pakhomo, amene anayambira ku Mchinji mu 2006, afike mokhazikika m'makomboni a m'tauni, poti njala ya ku Chemusa siyosiyana ndi ya kumudzi, kungoti kuno tilibe ndi munda womwe. Msonkho wa mapadi unachotsedwa mu 2022, koma mwana wopanda kwacha imodzi sizimupindulira. Mapadi azipezeka kusukulu, pamodzi ndi zimbudzi za zitseko ndi madzi. Magulu a banki mkhonde a amayi athu apatsidwe mpamba weniweni, osati malaya olembedwa ndi zikwangwani. Ndipo milandu yogona ndi ana isamathere pabwalo la amfumu ndi mbuzi kapena envulopu. Ipite kukhoti.

Kuyambira lero, aliyense wobwera kudzalangiza atsikana athu tidzamulandira ndi manja awiri, tidzamupatsa mpando, ndipo akamaliza tidzamufunsa mafunso awiri. Loyamba: kupatula mawu, mwabweretsa chiyani choti mwanayu akanire nacho? Lachiwiri: nanga abambo aja mukalankhula nawo liti? Amene alibe yankho atisiyire ana athu, tiziwalangiza tokha.

Gawirani uthengawu kwa mayi, kwa mphunzitsi, kwa m'busa, ndi kwa ankolo aja mukuwadziwa.