Munda wa Mitengo wa ku Zomba Ndi Sukulu Yoiwalika

Mwezi wa Sepitembala ukafika, chisanu chitapita ndipo mvula isanagwe, mitengo ya mombo ndi tsamba imaphuka masamba ofiira, ndipo jakaranda amayamba kuchita maluwa m'misewu ya ku Zomba. Imeneyi ndiyo nyengo ya mphukira, ndipo palibe nthawi ina yoposa iyi yokaonera munda wa mitengo wa Boma umene uli m'mbali mwa mtsinje wa Mulunguzi, patsinde pa phiri la Zomba. Koma chomvetsa chisoni n'chakuti aphunzitsi ndi antchito a Boma ambiri amadutsa pachipata chake osalowamo, poganiza kuti ndi malo a alendo ndi a anthu ojambulitsa zithunzi za ukwati.

Munda umenewu unayambidwa m'chaka cha 1891 ndi Alexander Whyte, katswiri wa zomera wochokera ku Scotland, amene anagwira ntchito pansi pa Harry Johnston. Cholinga chake chinali kuyesa mbewu ndi mitengo yochokera kunja, kuti aone imene ingamere bwino m'dziko muno. Pa chifukwa chimenechi ena amati mundawu ndi chotsalira cha Atsamunda, ndipo ulibe phindu kwa mwana wa mlimi. Mau amenewa anali ndi maziko kale, koma lero alibe. M'chaka cha 1987 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa bungwe la National Herbarium and Botanic Gardens of Malawi, limene limayang'anira munda wa ku Zomba pamodzi ndi ina iwiri, wa ku Lilongwe ndi wa ku Mzuzu. Mundawu tsopano ndi chuma cha mtundu wa Amalawi, ndipo ntchito yake yaikuru ndiyo kusunga ndi kuphunzira zomera za dziko lino.

Kufunika kwa ntchito imeneyi kukuoneka pa nkhani ya mkungudza wa ku Mulanje. Mtengo umenewu, umene dzina lake la sayansi, Widdringtonia whytei, limakumbutsa za Whyte yemweyo, unasankhidwa kukhala mtengo wa dziko m'chaka cha 1984. Koma pamene akatswiri anafufuza paphiri la Mulanje m'chaka cha 1917 ndi zana limodzi, ndiye kuti 2017, anapeza mitengo yokhwima isanu ndi iwiri yokha. Macheka ndi moto wolusa zinatha nkhalango imene inatenga zaka mazana kuti ikule. Ngati mtengo wolemekezeka chotere unatsala pang'ono kuzimirira, nanga mbawa ndi mlombwa, zimene amisiri amazisakasaka tsiku ndi tsiku, zidzapulumuka bwanji?

Lamulo lokha silingasunge mtengo umene anthu saudziwa. Mwana wa sukulu amaloweza magawo a duwa kuchokera pa bolodi, nakhoza mayeso, koma osadziwa kusiyanitsa mbawa ndi bulugamu. Mwana yemweyo akaima pansi pa mtengo m'nyengo ya mphukira, amaona ndi maso ake tsamba lanthete, duwa ndi njuchi imene ikunyamula mungu. Amafunsa chifukwa chake mtengo ukuphuka pamene nthaka ili youma, ndipo mphunzitsi amapeza mpata wofotokoza za mizu yozama ndi chakudya chimene mtengo unasunga m'dzinja lapitalo. Amaphunziranso kuti jakaranda anachokera ku South America ndi bulugamu ku Australia, koma mombo ndi wa kuno. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekha kotere sikuphunzitsidwa m'chipinda.

N'zoona kuti sukulu zambiri zili kutali, ndipo ulendo umafuna ndalama. Koma sukulu za m'mizinda itatu ija zilibe chowiringula, pakuti zambiri zikhoza kufika wapansi. Za kutali zingathe kuyamba kamunda kaokao, ndi kulemba pa mtengo uliwonse dzina lake la Chichewa. Akuluakulu a maphunziro m'maboma ayenera kulimbikitsa maulendo otere m'miyezi ya Sepitembala ndi Okutobala, kuti pofika Disembala, pamene nyengo yobzala mitengo imayamba, ana adzabzale mitengo imene akuidziwa ndi kuikonda.

Boma lachita mbali yake posunga minda imeneyi. Chatsala ndi chakuti aphunzitsi atsogolere ana ao kumeneko, ndi kuti antchito a Boma apite ndi mabanja ao tsiku Loweruka, maluwa asanayoyoke.