Chenjezo: Ana Ogona Panja Ndi Athu, Ndipo Akutenga HIV

Anthu a ku Namitete, Nsaru, Kabudula, Mpingu ndi Nambuma, tisadzinamize kuti ana masikini ndi vuto la m'tauni. Ena mwa ana amene amagona m'makhonde a masitolo ndi kudepoti ya mabasi ku Lilongwe anachokera m'midzi mwathu muno, atathawa njala, umasiye kapena nkhanza za bambo owapeza. Ena sanafike n'komwe m'tauni. Ali pamisika yathu yomweyi, kunyamula katundu masana, usiku n'kugona kuseri kwa benchi ya tchipisi.

Mwana wanjala sakana mbale. Nyengo ya fodya ndalama zikagwa, kapena malole a mumsewu wa Mchinji akaima usiku, pali abambo, ena a mabanja awo ndithu, amene amagulira mtsikana wa zaka 13 chakudya kenako n'kumutengera kuresitihausi. Mwana wotereyu angauze bwanji munthu wamkulu kuti avale kondomu? Anyamata nawonso amagwiriridwa, nthawi zina ndi anzawo okulirapo amene amati akuwateteza, koma nkhani imeneyi timaichitira manyazi, ndiye sikambidwa. Thupi la mwana n'losakhwima, limavulala msanga, ndipo kachilombo ka HIV kamalowa mosavuta pabala.

Mukamva kuti mwana wagwiriridwa, musadikire kuti a mfumu aitanitse bwalo. Thamangirani naye kuchipatala cha St Gabriel's ku Namitete, cha Kabudula, kapena chilichonse chapafupi. Kuli mankhwala a PEP oteteza ku HIV, koma ayenera kuyambidwa pasanathe maola 72, ndipo amamwedwa masiku 28 osadumphitsa. Mwana wogona panja sangakwanitse yekha zimenezi, pakufunika wamkulu womusungira mankhwalawo. Lamulo la HIV la 2018 limalolanso mwana wa zaka 13 kuyezetsa magazi popanda kholo.

Kuyambira 2017, malamulo a dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Wogona ndi mwana salipa mbuzi ayi, mlandu wake ndi wa kupolisi. Eni maresitihausi amene amaona n'kukhala chete nawonso ayankhepo. Imbani nambala yothandiza ana ya 116, ndi yaulere.

A bungwe la Tikondane ku Lilongwe amabwezera ana kwawo. Koma inu amalume ndi mafumu, mwana akabwera mufunseni kaye chimene anathawa. Ngati womuzunzayo akadali m'nyumba momwemo, mwanayo athawanso.