Ufulu ndi Ulere pa Laputopu ya ku Tembisa

Pamene Chingerezi chili ndi liwu limodzi, Chichewa chili ndi awiri: ufulu ndi ulere. Richard Stallman atayambitsa ntchito ya GNU mu 1983, ankanena za ufulu: kuti munthu azitha kugwiritsa ntchito pulogalamu, kuona mmene inalembedwera, kuisintha ndi kugawira anzake. Koma Mmalawi wa ku Tembisa kapena ku Germiston amene wagula laputopu yakale nthawi zambiri amafika pa Linux chifukwa cha ulere, pakuti ndalama zake zimathera pa lendi ndi kutumiza kumudzi.

Apa m'pamene amakumana ndi firmware. Kachipangizo ka Wi-Fi kopangidwa ndi makampani monga Intel, Realtek kapena Broadcom kawirikawiri sikagwira ntchito popanda kapulogalamu kakang'ono kamene kampaniyo imabisa kalembedwe kake. Kwa zaka zambiri, Debian inkakana kuika mapulogalamu otere m'chimbale chake chovomerezeka. Munthu ankati akamaliza kuika Linux, n'kupeza kuti Wi-Fi yafa, ndipo mankhwala ake ali pa intaneti pomwe sangafikepo. Wokhala ndi kompyuta yachiwiri ndi chingwe cha intaneti sankadandaula. Wovutika anali wokhala m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya eni, wofuna kutumiza kalata yofunsira ntchito ku fakitale ya ku Boksburg.

Mu October 2022 mamembala a Debian anavota kuti firmware yotere izilowa m'chimbale, ndipo Debian 12 ya mu June 2023 inatuluka nayo. Anachita bwino. Ufulu umene ungasangalatse okhawo okhoza kusankha zipangizo m'sitolo ndi ufulu wa anthu ochepa.

Komabe otsutsa, monga a Free Software Foundation amene amavomereza Trisquel ndi Linux-libre, sakulankhula zopanda pake. Walira mvula walira matope. Pulogalamu yobisika siingafufuzidwe ndi aliyense, ndipo kampani ikasiya kuikonza, mwini laputopu alibe kolowera. Osauka ndiwo amasunga makina zaka zambiri, choncho ndiwo amayamba kutayidwa.

Nzeru ya Debian inali kusabisa: firmware ija inaikidwa m'gawo lakelake lodziwika ndi dzina, kuti aliyense adziwe chimene walandira. Wokonza makompyuta ku Kempton Park ayenera kuchita chimodzimodzi: aike chimene chithandiza kasitomala lero, koma amuuze kuti mbali ina ya makinawo ikadali m'manja mwa eni ake akutali.

Mark Shuttleworth, mwana wa dziko la South Africa, anatcha Linux yake ya mu 2004 kuti Ubuntu, umene Achewa amati umunthu. Umunthu sulola mlendo kugona ndi njala chifukwa ufa wagulidwa kwa mdani. Umamudyetsa, kenako mawa n'kupita kukalima munda wake.