ZA MAMOTOKA NDI MAULENDO: Mpando wa Nsalu Kapena wa Cikopa?

Nyengo ya misika ikafika, alimi atagulitsa cimanga, nshawa, thonje, soya ndi fodya, mabanja ena m'maboma a Chipata, Chadiza, Katete, Lundazi ndi Mambwe amayamba kulingalira zogula motoka. Ambiri sangakwanitse mtengo wa yatsopano, motero amafunafuna yakale. Mamotoka ambiri otere amacokera ku Japan, amatsitsidwa padoko la Dar es Salaam ndi kulowa m'Zambia pacipata ca Nakonde, ndipo ena amafika ku Chipata atadutsa kale m'manja mwa eni awiri kapena atatu.

Pamene mlimi aima pakati pa mamotoka awiri ofanana msinkhu, wogulitsa kawirikawiri amakweza mtengo wa imene ili ndi mipando ya cikopa, nanena kuti ndiyo yaulemu. Ndalama zimene mlimi ali nazo m'thumba ndi thukuta la banja lonse la caka cathunthu, ndipo zina mwa izo ziyenera kutsalira feteleza ndi sukulu ya ana. Nkhani ya sabata ino ifuna kuthandiza mlimi wotere kuti asankhe mpando molingana ndi nchito imene motokayo idzagwira.

Ubwino wa cikopa ndi wakuti sicimwa madzi msanga. Mwana akataya phala kapena thobwa, mai angopukuta ndi kansalu konyowa ndipo mpando wayera. Fumbi la mseu wa ku Vubwi likhala pamwamba pokha, silowa m'kati. Komabe cikopa cili ndi mdani wamkulu kuno kum'mawa, ndiye dzuwa. M'mwezi wa October, makamaka kucigwa ca Luangwa kumene kutentha kumapitirira madigiri 40, mpando wa cikopa wa motoka yoimikidwa padzuwa umaocha ngati ciwaya, ndipo wokhalapo amanyowa msana ndi thukuta popeza cikopa sicipitsa mphepo. Dzuwalo limaumitsanso cikopa mpaka cing'ambika, ndipo cikopa cakale cikayamba ming'alu sicibwereranso mwakale. Cifuna mthunzi ndiponso mafuta ake ofewetsera, amene sapezeka m'tumasitolo twa kumidzi.

Wogula adziwenso kuti si zonse zonyezimira zili cikopa ceniceni. Mamotoka ambiri ali ndi cikopa pokhalira pokha, koma m'mbali ndi kumbuyo kwa mpando ndi pulasitiki wofanana naco. Ena mipando yonse inakutidwa mwatsopano ndi pulasitiki ameneyu kuti motoka igulidwe msanga. Kuzindikira kwake n'kwapafupi. Munthu apise dzanja kunsi kwa mpando kumene cokutira cithera ndi kutembenuza m'mphepete mwake. Cikopa ceniceni kunsi kwake n'kwa ubweya wofewa, pamene pulasitiki kunsi kwake kuli nsalu yoluka. Pulasitiki amatentha koposa cikopa, ndipo akakalamba amasupuka ngati khungu la njoka.

Mpando wa nsalu suocha padzuwa ndipo suzizira kwambiri m'mamawa wa June ndi July. Paulendo wautali, monga wa ku Lusaka pa mseu wa Great East umene utenga maola ambiri, munthu amafika msana uli wouma. Ukang'ambika, amisiri osoka mipando m'tauni ya Chipata angathe kuikapo cigamba pamtengo wocepa. Bvuto lake nsalu imamwa ciliconse: thukuta, mkaka, mafuta ophikira, parafini, fungo la nsomba ndi utsi wa fodya. M'nyengo ya mvula, mpando wonyowa ukatsekeredwa m'motoka umacita nkhungu, ndipo fumbi lobisala m'nsalu limabvutitsa ana ndi okalamba amene ali ndi cifuwa ca mphumu.

Bvuto limeneli mankhwala ake ndi ocepa mtengo. Telala aliyense wa pamsika wa Kapata angasoke zokutira za nsalu yolimba zimene zingabvulidwe, kucapidwa ndi kuyanikidwa pa cingwe pamodzi ndi zobvala. Cenjezo ndi limodzi. Mipando ina ili ndi thumba la mphepo lotetezera pangozi lobisika m'mbali mwake, ndipo cizindikiro cake ndi malembo akuti SRS Airbag. Mbali imeneyi isakutidwe ndi nsalu yolimba, cifukwa thumbalo lingalephere kutuluka pamene lifunika.

Akuluakulu amati cikomekome ca nkuyu, m'kati muli nyerere. Mpando uliwonse, wa nsalu kapena wa cikopa, ndi mboni ya moyo umene motoka yakhala nao. Manambala a makilomita angathe kubwezedwa m'mbuyo ndi anthu osakhulupirika, koma mpando wa dalaiva sunama. Ngati manambala ali ocepa koma mpandowo unaphwa, ndipo mbali ya kucitseko inaperepeseka, motokayo yayenda kutali kuposa mmene ikuonetsera. Wogula awerame ndi kuunika zitsulo zimene mpando uyendapo. Dzimbiri pamenepo, kapena matope ouma kunsi kwa kapeti, zitanthauza kuti madzi analowamo, ndipo madzi akalowa amaononganso mawaya a magetsi. Agwedeze mpando ndi manja awiri kuti aone ngati mabauti ake ali olimba. Akokenso lamba aliyense mwadzidzidzi, pakuti lamba wabwino amagwira nthawi yomweyo. Lamulo la pamseu la 2002, limene linakhazikitsa bungwe la RTSA, lifuna kuti malamba amangidwe, ndipo lamba wodukaduka sapulumutsa munthu ngakhale akhale pa cikopa cokongola motani.

Nanga mlimi asankhe uti? Amene motoka yake idzagona pa bwalo popanda denga, idzanyamula odwala kupita ku cipatala ca Mwami kapena ca St. Francis ku Katete, ndi kuima tsiku lonse padzuwa pamsika, acita bwino kutenga ya mipando ya nsalu ndi kusoketsa zokutira ziwiri zosinthana. Cikopa ciyenera munthu amene ali ndi poimika pa mthunzi, amene angagule mafuta ake, ndiponso amene wapeza cikopa cikali cofewa, copanda ming'alu. Matumba a feteleza asaikidwe pa mpando wa mtundu uliwonse, popeza feteleza amadya zitsulo za kunsi kwake.

Ndalama zoonjezera zimene wogulitsa apempha cifukwa ca cikopa zingagule matayala abwino kapena kukonzetsa mabuleki. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Wogula apite ndi makanika amene amkhulupirira, aone motokayo masana dzuwa lili pamutu, akhale pa mpando kwa kanthawi zitseko zili zotseka, ndipo pambuyo pake ndi pamene angamasule cikwama.