ZA UMOYO WATHU: Madokotala Akapempha Kupima Mtembo

Palibe pempho lowawa m'cipatala loposa lakuti acibale alole madokotala kupima mtembo wa mwana. Limadza pa nthawi imene mai ali pansi kulira, atate ali pa kalikiliki kufuna bokosi ndi galimoto yopita nayo kumudzi. Ambiri a ife tingayankhe mosacedwa kuti iai, mwanayo wavutika kokwanira, musiyeni akagone. Yankho lotere ndi lomveka, ndipo palibe amene angadzudzule nalo kholo. Komabe sabata ino tifuna kukufotokozerani, inu owerenga, phindu limene linacokera kwa mabanja owerengeka a mu Lusaka amene anavomera.

Mapapo, monganso ciwindi, ndi ziwalo zobisika. Mwana akadza ku cipatala ali kutsokomola, thupi lotentha, ndi kupuma mobanika, dokotala amamvetsera m'cifuwa mwace ndi kujambula cithunzi ca X-ray. Koma matenda osiyana-siyana a m'mapapo amaoneka cimodzi-modzi pa cithunzico, ndipo mwana wamng'ono sadziwa kulavula makhololo akuti akapimidwe. Cotero kawiri-kawiri dokotala amapatsa mankhwala mwa kuganizira, ndipo mwanayo akamwalira, funso lakuti camupha n'ciani limapita naye kumanda.

Pofuna kuyankha funso limeneli, madokotala a pa cipatala cacikulu ca UTH, motsogozedwa ndi malemu Profesa Chifumbe Chintu, katswiri wa matenda a ana, pamodzi ndi anzao a ku London, anayamba kupempha makolo cilolezo cakuti apime mapapo a ana omwalira ndi matenda a m'cifuwa. Nchitoyi inacitika kuyambira caka ca 1997 kufikira 2000. Mwa mabanja anai aliwonse amene anafunsidwa, atatu anakana.

Zifukwa zokanira zinalembedwa, ndipo n'zophunzitsa. Ambiri amaganiza kuti miyambo ndiyo imatsekereza nchito yotere, koma amene anachula za kuopa kukwiyitsa mizimu anali ocepa. Gulu lalikulu linati n'kutaya nthawi cabe, pakuti matendawo anayenera kudziwika mwana akali moyo, ndipo kupimako sikungamuukitse. Gulu laciwiri linati cikalata ca imfa calembedwa kale ndipo galimoto ya maliro yapezeka, kotero sangathe kucedwa. Awa ndi mau a anthu otopa ndi osweka mtima, si a anthu osazindikira.

Mitembo ya ana 264 inapimidwa, ndipo 180 mwa anawo anali ndi kacirombo ka HIV. Cibayo ca mafinya, cimene madokotala anali kuciyembekeza, cinapezeka mwa ana 116. Mwa ana 58 munapezeka cibayo ca mtundu wina, coyambitsidwa ndi kacirombo kochedwa Pneumocystis, kamene kamagwira kweni-kweni makanda a HIV osakwana caka cimodzi. Ndipo ana 54, ndiko kuti mmodzi mwa asanu aliwonse, anali ndi cifuwa cacikulu ca TB. Ena mwa iwowa analibe HIV konse. Ana ambiri anali ndi matenda awiri kapena atatu pa nthawi imodzi. Zotsatirazi zinasindikizidwa m'caka ca 2002 m'magazini ya madokotala yochedwa The Lancet, ndipo zinacenjeza zipatala za mu Africa kuti mwana wa cibayo akapanda kucira ndi mankhwala a masiku onse, aganiziridwe msanga za TB ndi za Pneumocystis.

Kudziwa comupha mwana ndi cinthu cimodzi, kumuchinjiriza ndi cina. M'zaka zimenezo mankhwala a ARV anali asanafike kwa ana ambiri a m'dziko lino. Panali mankhwala akale ndi osakwera mtengo ochedwa cotrimoxazole, amene ife tonse timawadziwa ndi dzina lakuti Septrin. Akatswiri ambiri anali kukayika ngati angathandize kuno, cifukwa tizirombo tambiri ta mu Lusaka tinali titawazolowera kale. Mkangano wotere sutha ndi pakamwa, pafunika kuyesa.

Kuyesako kunayamba pa UTH pomwepo m'caka ca 2001, ndipo Profesa Chintu analinso pakati pa otsogolera. Ana oposa 500 a HIV, a zaka zoyambira 1 kufikira 14, anagawidwa pawiri mwa maere, makolo ao atavomera. Gulu limodzi linali kumwa Septrin tsiku ndi tsiku, linalo linali kumwa mankhwala ofanana maonekedwe koma opanda mphamvu. Makolo ngakhale madokotala owaona anawo sanadziwe kuti uyu ali m'gulu liti, kuti pasakhale kukondera powerenga zotsatira. Amene anali kudziwa ndi kabungwe ka akatswiri apadera, koikidwa kuti kayang'anire ubwino wa anawo.

M'mwezi wa October 2003 kabungweko kanalamula kuti kuyesako kuimitsidwe nthawi isanakwane, pakuti yankho linali litaoneka poyera. Mwa ana 269 a mankhwala opanda mphamvu, 112 anamwalira. Mwa ana 265 a Septrin, anamwalira 74. Ana otsala a magulu onse awiri anapatsidwa Septrin. Caka cotsatira mabungwe a WHO, UNAIDS ndi UNICEF anatulutsa malangizo atsopano olimbikitsa kuti ana a HIV azilandira mankhwalawa. Lero mwana wopezeka ndi HIV amayamba ARV mosacedwa, koma Septrin akali kupatsidwa pamodzi nao monga alangizira dokotala. Mai wa ku maiko akutali amene amamwetsa mwana wace Septrin sadziwa kuti ali ndi ngongole kwa makolo a mu Lusaka.

Akulu-akulu naonso anapimidwa. M'zaka za 2012 ndi 2013, pa mitembo 125 ya odwala aakulu omwalira pa UTH, TB inapezeka mwa anthu 78, ndipo mwa 20 a iwowa matendawa sanadziwike iwo akali moyo. Apa ndi pamene nkhaniyi ikhudza ngakhale inu amene mulibe wodwala. TB imayenda mu mpweya. Munthu wogona m'wodi ndi TB yosadziwika amatsokomola usana ndi usiku pafupi ndi odwala anzace ofooka, pafupi ndi anamwino, ndiponso pafupi ndi mbale wace wogona pansi pambali pa bedi pomusamala. Umo ndi m'mene munthu amalowera m'cipatala ndi nthenda imodzi n'kutulukamo ndi ina. Pa cifukwa cimeneci odwala ogonekedwa amapemphedwa makhololo ngakhale anadza ndi vuto lina, ndipo mazenera a m'wodi ayenera kukhala otseguka. Makina a GeneXpert amaonetsa TB m'maola awiri cabe, ndipo mankhwala ace, omwa miyezi isanu ndi umodzi, ndi aulere m'zipatala za Boma.

Tsono tinene ciani kwa munthu amene madokotala amupempha kulowa m'kafukufuku, kapena kulola kuti mbale wace apimidwe? Coyamba, dziwani ufulu wanu. Lamulo la za kafukufuku wa umoyo la caka ca 2013, limene linakhazikitsa bungwe la National Health Research Authority, lifuna kuti munthu avomere mwa yekha atafotokozeredwa bwino. Mukakana, thandizo la cipatala silicotsedwa kwa inu. Kupima mtembo kolamulidwa ndi apolisi kapena bwalo la milandu ndi nkhani ina, ndipo sitili kunena za iko pano.

Caciwiri, funsani, pakuti safunsa anadya phula. Funsani cimene afuna kudziwa, cimene adzatenga m'thupi, maola amene nchitoyo idzatha, ndiponso ngati banja lidzauzidwa zimene zapezeka. Funsaninso za njira yatsopano yotenga tizidutswa tating'ono ta mapapo ndi ta ciwindi ndi singano, popanda kung'amba thupi. Njirayi igwiritsidwa nchito m'kafukufuku wa imfa za ana ku Manhiça m'dziko la Mozambique ndi ku Soweto m'dziko la South Africa.

Madokotala naonso ali ndi mbali yao. Makolo aja ananena poyera zimene zinawaletsa: kusaona phindu, ndi kuopa kucedwetsa maliro. Wopempha alankhule cilankhulo ca banjalo, adikire akulu a banja afike, asacedwetse mtembo, ndipo abweze mau akapeza yankho. Ngati yankholo ndi TB, phindu limayambira pa khomo lomwelo, pakuti amene anali kugona nyumba imodzi ndi malemu angapimidwe ndi kucira nthawi ikalipo.

Sitili kukakamiza munthu aliyense. Kukana ndi ufulu wanu, ndipo cisoni ca mwini maliro cilemekezedwe. Tingopempha kuti tsiku lotere likakufikani, mumvetsere kufikira dokotala atamaliza kulankhula, mukambirane ndi acibale, ndipo pamenepo muyankhe.